Mipando Inayi, Anthu Asanu

Anthu ankawatcha Achete, ndipo iwo sanatsutsepo. Anali dokotala wa mano, ndipo mkazi wawo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. M'galaja mwawo munali magalimoto awiri aliwiro, aja apansipansi oyenda ngati akukwawa ndi mimba. Yachikasu inali yawo. Yofiira inali ya malemu. Iliyonse inali ndi mipando iwiri basi.

Zaka zonsezi mipando iwiri inkachuluka. Inayamba kuchepa atakumana ndi Ahedi, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya atsikana, amene anabwera kudzazulitsa dzino koma anabwerera ndi dzino lawo lili momwemo, ndi nambala ya foni ya dokotala pamwamba. Ahedi nawonso anali namfedwa, koma sanali okha. M'nyumba mwawo munali atsikana awiri amapasa, ndi mayi awo obereka, amene aliyense ankawatcha Agogo.

Lamlungu lina Achete anafika pageti ndi yachikasu kudzatenga Ahedi kuti akadye kulesitilanti. Anapeza anthu anayi atavala zoyendera.

"Tonse tikupita," anatero Agogo. "Mwana wanga sayenda yekha ndi munthu amene sindinamumvepo mawu. Mwina ndi chigawenga."

"Amama, ine ndine munthu wamkulu. Ndimalamulira ana mazana asanu."

"Nanga chigawenga chimafunsa ntchito?"

Achete anayang'ana anthu anayiwo, kenako mpando umodzi wotsalawo.

"Maulendo anayi," anatero.

Mapasa anakana kusiyana, choncho anapanikizana pampando umodzi n'kupita oyamba. Ulendo wachiwiri unali wa Agogo. Kulowa sikunavute, kunali kugwa chabe. Kutuluka ndiye kunasonkhanitsa anthu. Mawondo anali m'mwamba, chiuno chili pansi, ndipo panafunika operekera zakudya awiri ndi mlonda wa pakhomo, wina kukoka mikono, wina kukankha kumsana. Atatuluka, Agogo anakonza mpango wawo, n'kuyang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Iyi si galimoto," anatero. "Ndi nsapato."

Paulendo wachitatu Agogo analamula kuti foni ya Ahedi ikhale yoyatsa njira yonse, iwo azimvetsera ali kulesitilantiko.

"Sindikumva kanthu. Akukuchita chiyani?"

"Akuyendetsa galimoto, Amama."

"Mwakachetechete chonchi?"

Onse atakhala patebulo, supu itazizira kale, Ahedi anatsamira kwa Achete n'kulankhula motsitsa.

"Kunyumba muli ndi ina. Pobwerera tikatenge. Mundipatse kiyi, ine ndimayendetsa."

"Ayi," anatero Achete.

Liwu limodzi lokha, koma linagwa patebulo ngati mbale yosweka. Ahedi anabwerera m'mbuyo pampando wawo. Agogo, amene makutu awo ankadwala pa nkhani zonse kupatula zonong'ona, anaika supuni pansi.

"Loweruka ndikukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu," anatero. "Phwando lili kwa mwana wanga wamwamuna, ulendo wa maola awiri. Abale onse akakhala kumeneko. Mnyamata uja wogulitsa magalimoto, Shuga, wati atinyamula tonse m'galimoto yeniyeni. Amene adzatifikitse pageti paja tonse pamodzi ndi amene ndidzamuonetse kwa abale. Ndamaliza. Supuyi ndi yozizira."

Achete anayang'ana Ahedi kuti atsutse. Ahedi ankayang'ana mchere.

* * *

Lolemba m'mawa uthenga wa Ahedi unafika. Unali wautali, wokhala ndi mfundo zisanu ndi ziwiri zolembedwa manambala, ngati kalata yopita kwa makolo. Mfundo yachitatu inati: "Ine sindikulimbana ndi malemu. Koma sindingakhale mlendo woimirira panja pa galaja moyo wanga wonse." Yomaliza inati: "Yankhani ndi mawu oposa awiri."

Achete anauwerenga kanayi. Analemba, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Patatha ola anatumiza.

"Ndamva zonse bwinobwino."

"Amenewo ndi atatu," anayankha Ahedi. "Mwakhoza masamu, mwalephera mayeso."

Patapita mphindi pang'ono anawatumizira uthenga wina, wosachokera kwa iwo. Unali wa Shuga, wolembera Ahedi. "Mwadzuka bwanji, nyali ya mtima wanga? Galimoto yaikulu ija ndaitsukitsa. Mipando isanu ndi iwiri, ndipo wa Agogo ndauikira mapilo. Munthu ngati inu sayenera kunyamulidwa zidutswazidutswa."

Achete anayankha mwamsanga kuposa masiku onse.

"Mapilo ndili nawo."

"Vuto si mapilo," anatero Ahedi.

* * *

M'tauni monse munthu wodziwa magalimoto oterewa anali mmodzi, ndipo anali Shuga yemweyo. Lachiwiri masana Achete anapita kumalo ake ogulitsira. Shuga anatuluka mu ofesi manja ali m'mwamba, nsapato zosongoka zikuwala, akumwetulira mpaka m'makutu. Mano anayi akutsogolo amene Shuga ankamwetulira nawo akaona Ahedi, anawaika ndi Achete omwewo, chaka chapita. Dokotala saulula za odwala. Achete anangoyang'ana ntchito ya manja awo, n'kuona kuti inali yabwino mopweteka.

"Adokotala! Lero dzuwa latulukira kuti? Khalani, khalani. Tiyi? Madzi? Mawu ochepa obwereka?"

Achete analoza galimoto yaikulu yotuwa imene inali pakona, yooneka ngati kabati yogonekedwa pa matayala.

"Iyo. Ndi yachikasu."

"Kusinthana?" Shuga anaseka mpaka kugwira pamimba. "Adokotala, inu ndi munthu wophunzira. Ndani m'tauni muno angafune galimoto yonyamula munthu mmodzi ndi chipewa chake? Yachikasu yokha ndikupatsani zitseko. Mwina ndi tayala la sipeya, poti ndinu."

"Ndiye?"

"Onse awiri. Yachikasu ndi yofiira, inu mutenge yaikuluyo. Awiri amenewo amakongola akakhala limodzi, ngati nkhunda." Anatsitsa mawu, nkhope n'kuichititsa chisoni. "Koma ndikudziwa, yofiira ija ndi ya malemu. Simungathe. Ndipo ine sindingakukakamizeni. Chikondi chotero n'chosowa masiku ano. Ndiwauza Ahedi kuti akunyadireni."

Achete anawadziwa masewerawo. Shuga sankafuna yofiira. Ankafuna kuti iwo akane, kuti madzulo akhale ndi nkhani yokoma yotumiza pafoni.

"Loweruka m'mawa," anatero Achete.

"Mubweretsa?"

"Ndiyankha."

* * *

Lachitatu lililonse Achete ankatulutsa yofiira n'kuzungulira nayo misewu itatu kuti batire isafe. Malemu anali wamfupi, ndipo mpando anausiya atautsendereza kutsogolo mpaka pomalizira. Achete anali aatali. Sanausunthepo. Ankayendetsa mawondo atakumbatira chiwongolero, chibwano chili pafupi ndi galasi, ndipo anthu a mumsewu wawo anasiya kalekale kuseka poyera.

Atabwerera anapeza mwana wawo wamkazi ataima pakhomo pa galaja, manja m'chiuno. Anali loya, ndipo kunyumba ankatchedwa Loya kuyambira ali ndi zaka zisanu, asanadziwe n'komwe kuti ndi ntchito. Anadikira bambo ake adzifunyulule, mwendo umodzi, kenako unzake.

"Ababa, ndamva kuti munali kwa Shuga."

"Inde."

"Kukatani?"

"Kukaona."

"Kukaona chiyani? Mano ake?" Loya anagwira denga la yofiira. "Tauni yonse ikudziwa. Akuti mukufuna kupereka galimoto ya amayi kuti mugule basi yonyamula banja la eni."

"Si basi."

"Ndi chiyani?"

Achete anaganizira kabati ija. "Ndi yaikulu."

"Ababa, ine sindikudana nawo aphunzitsi anuwo. Sindinawaonepo n'komwe, poti inu simunandiitanepo. Miyezi isanu ndi inayi! Ndinamva kwa wometa tsitsi. Mwana wanu mmodzi yekha, kumva kwa wometa tsitsi!" Anatsegula chitseko cha yofiira. "Zovala za amayi munapereka. Mabuku munapereka. Chatsala ndi ichi. Ndikatsegula chitsekochi ndimamvabe fungo la mafuta awo odzola. Mukufuna Shuga alowetsemo mafuta akewo, onunkha ngati mankhwala a udzudzu?"

Achete anali ndi mawu ambiri, koma onse anafika pakhosi nthawi imodzi n'kupanikizana ngati anthu pakhomo lopapatiza. Sipanatuluke ngakhale limodzi.

"Mwaona? Ndi zimenezo," anatero Loya. "Mukaipereka, Lamlungu musandiikire mbale."

* * *

Lachinayi, wodwala womaliza kulowa m'chipinda chozulira mano anali Ahedi. Anaika chikwama pansi, n'kukhala pampando wogonekawo popanda kuuzidwa.

"Dzino liti?" anafunsa Achete.

"Lililonse. Ine ndakuphunzirani, bambo inu. Mumalankhula pokhapokha mnzanu ali kukamwa yasa, asakutha kuyankha. Tsiku loyamba lija munandiuza za mvula, za galu wanu wakale, mpaka za mtengo wa mapeyala. Ndiye ikani thonje lanulo, mulankhule."

Anagona chagada, n'kutsegula pakamwa.

Achete anasamba m'manja. Kenako anayatsa nyali, anavala magolovesi, n'kuika thonje mbali iyi ndi iyo. Anatenga kagalasi kawo kakang'ono, n'kuyamba kuyang'ana mano opanda vuto lililonse.

"Yachikasu ndinagula ndine," anatero. "Sindinamufunse malemu. Sanakalipe. Patatha mwezi anabwera ndi yofiira. Anati m'nyumba muno opusa akhale awiri. Lamlungu tinkapita kunja kwa tauni, kumsewu wowongoka. Ankandisiya nthawi zonse. Pobwera kuntchito ankaliza hutala kawiri pakona, ine n'kutsegula geti."

"Aaa," anatero Ahedi.

"Sindikuopa kuti mungaigunditse. Mumayendetsa bwino, ndinakuonani. Ndikuopa geti. Ndidzamva injini ija pakona, mtima udzadumpha. Ndidzatsegula. Ndidzaona kuti ndinu." Anasuntha nyali pang'ono, ngakhale inali pamalo pake. "Ndiye kwa kamphindi kamodzi ndidzakhumudwa. Sindikufuna kukhumudwa poona inu. Ngakhale kamphindi kamodzi."

Msozi wa Ahedi unatsika kuchokera pakona ya diso kulowera kukhutu. Achete anaupukuta ndi thonje louma, mwaluso, ngati ndi mbali ya ntchito.

"Chukuchani," anatero.

Ahedi analavula thonje, anachukucha, n'kukhala tsonga.

"Ndiye kuli bwino kuipereka kwa Shuga kusiyana n'kundipatsa ine kiyi?"

"Inde."

"Ndinu munthu wopusa kwambiri amene ndinakumanapo naye, ndipo ine ndimagwira ntchito ndi makolo." Anatenga chikwama. "Ine sindinapemphe kuti mupereke chilichonse. Mwana wanu adzadana nane mpaka kumanda."

"Kiyi sakanathandiza."

"Bwanji?"

"Awiri kuno, awiri uko. Mipando inayi. Ife tilipo asanu."

Ahedi anali atagwira kale chitseko. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwati ndani alipo asanu?"

"Ife."

Ahedi anatsegula chitseko.

"Loweruka tinyamuka naini koloko. Amama sadikira munthu."

* * *

Loweruka m'mawa Achete anapita kwa Shuga maulendo awiri. Woyamba ndi yachikasu, n'kubwerera wapansi. Wachiwiri ndi yofiira. Shuga ataiona ikulowa, kumwetulira kunazima ngati magetsi. Anayesa kunena kuti yaikuluyo ili ndi kavuto ka mabuleki, kenako kuti kiyi wasowa. Achete anangoima chiriri, dzanja lili lotambasula, mpaka kiyi anapezeka m'thumba la Shuga lomwelo. Anasainirana. Potuluka pageti Achete sanacheuke. Galimotoyo inali yaitali kumwamba moti ankaona madenga a anzawo, ndipo akaponda mafuta inkayamba yaganiza kaye.

Naini koloko isanakwane anali pageti la Ahedi.

Agogo anatuluka ndi ndodo yawo. Anaizungulira galimotoyo kamodzi. Anagogoda tayala. Anatsegula chitseko chapakati, anaponda pachopondera, n'kukhala pampando ngati munthu wokhala m'tchalitchi. Anatuluka. Analowanso. Palibe anawagwira mkono.

"Mapilo ali kuti?"

Achete anatsegula kumbuyo. Munali mapilo asanu ndi limodzi.

"Hmm," anatero Agogo. "Mwina si chigawenga."

Mapasa anathamangira kumipando yakumbuyo kwenikweni, aliyense windo lake. Katundu analowa, keke inalowa, malo n'kutsalabe. Ahedi anatuluka omaliza, atavala diresi yobiriwira. Anakhala kutsogolo, pambali pa Achete, anamanga lamba, n'kuika dzanja lawo pa dzanja la Achete pa giya. Sanalankhule. Achete anaona kuti ameneyu ndiye munthu woti n'kukhala naye chete mpaka ukalamba.

Analiza injini. Asanasunthe, pakona panamveka kubangula kumene iwo akanakuzindikira ngakhale ali m'tulo. Yofiira inatulukira, inaima mopingasa kutsogolo kwawo, n'kutseka njira. Woyendetsa anali Loya. Pambali pake panali Shuga, mano onse anayi ali panja.

Shuga anatsika ndi envelopu yakhaki m'manja, n'kufika pawindo la Achete.

"Adokotala, pepani kwambiri. Mtima wanga ukuwawa. Mutangochoka ndinatsegula kabokosi ka kutsogolo kuti ndione mapepala aumwini. Inu munawawerengapo?"

Achete sanatsegulepo kabokosiko chimwalirire malemu.

"Yofiirayi si yanu," anatero Loya, atatsika nayenso. Maso ake anali ofiira. "Shuga wandiimbira foni kuti ndidzaone mapepala. Amayi anailembetsa m'dzina langa chaka chimene anayamba kudwala. Sanandiuze. Inunso simunadziwe, chifukwa m'nyumba mwathu muja munthu aliyense amadikira kuti mnzake alote. Mwasinthitsa galimoto ya eni, Ababa."

"Ndiye popanda siginecha ya achemwaliwa," anatero Shuga mwaulemu wonse, "kusinthana kuja kulibe. Yaikuluyi ikadali yanga. Koma musadandaule, Agogo, ulendo ulipo. Ndiyendetsa ndine, monga tinapangana."

"Ine sinditsika," anatero Agogo. "Za eni ake kambiranani. Ine ndakhala kale."

Achete anatsitsa galasi mpaka pansi. Anayang'ana mwana wawo.

"Mwanawe," anatero.

Loya anadikira. Onse anadikira, ndi mapasa omwe. Mawu ena sanabwere.

Ahedi anamasula lamba. Anatsika, anakonza diresi, n'kuyenda mpaka pamene panaima Loya, ndi mayendedwe aja amene ankatontholetsa holo yodzaza ana.

"Ndiwe Loya? Ine ndi amene ukundimva kwa wometa tsitsi. Bambo akowa tikawadikira, Agogo akwanitsa zaka zana tili pano. Galimotoyi ndi yako?"

"Ndi yanga."

"Ndiye ndinyamule. Uli ndi mawu, nanenso ndili nawo. Tikatukwanirane kutsogoloku, osati pamaso pa wogulitsa magalimoto."

Loya anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, monga amayang'anira mboni.

"Ndimathamanga," anatero.

"Ndiye tifulumira kumaliza."

Zitseko ziwiri zinatsekeka. Yofiira inabwerera m'mbuyo, inatembenuka, n'kuuluka. Pamphambano, njira ya kuphwando inali ya kumanja. Iyo inakhotera kumanzere.

"Akupita kuti?" anafunsa mmodzi wa mapasa.

Agogo anagogoda mpando wa kutsogolo ndi ndodo.

"Keke ikusungunuka. Wina ayendetse. Ndani ndi ndani tikaona pageti la mwana wanga."

Achete anagwira chiwongolero ndi manja awiri, ndipo zinaoneka kuti sachisiya ngakhale atabwera apolisi. Shuga anayang'ana manjawo, n'kuyang'ana envelopu yake. Kenako anazungulira kutsogolo kwa galimoto, akuimba mluzu.

"Palibe vuto, adokotala, yendetsani. Ine katundu wanga sindimusiya ndi munthu wachilendo."

Anatsegula chitseko, n'kukhala pampando umene Achete anauperekera magalimoto awiri. Unali ukadali wofunda. Anamanga lamba, anawongola miyendo, n'kutembenuka ndi kumwetulira konse.

"Maola awiri, adokotala. Ticheze."